Ndewu za Malemu Jailosi

Norman Zimba analakwa, pakuti analemba mokondera m'nyuzipepala ya chipani chake. Pa chisankho cha makhansala ku Mwase Lundazi ankapikisana ana awiri a malemu Jailosi, munthu wodziwika ndi ndewu. Norman analemba kuti Laban, wa chipani china, anatengera nkhanza za atate ake m'magazi, koma Innocent, wa chipani chake, anatengera kulimba mtima.

Amayi Consolata, amene anabereka onse awiri, anamuitanitsa Norman.

"Mwana wanga, kodi amuna anga anali ndi magazi amitundu iwiri?"

"Iyayi, amama," anayankha atagwada.

"Ndiye onse ndi andewu. Ndinawalera ndine."

Norman anapereka tambala wopepesera, ndipo anakawerenga nkhani yake pamsika atasinthanitsa mayina, Laban ndi Innocent akuseka limodzi.