Fergus ndi Chibowo cha mu Pulogalamu

Panali munthu wina mumzinda wa Geelong, dzina lake Fergus, ndipo amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona. Ankagwira ntchito pa kaofesi kowerengera ndalama za amisiri a mipope ndi omanga nyumba. Paofesipo maola a ntchito ankawalemba m'pulogalamu yaulere ya pakompyuta, ija imene aliyense amatha kuisuzumira mkati ndi kuthandiza kuikonza.

Mnzake wa desiki yoyandikana, Tevita, anali ndi diso lotulukira zolakwika m'pulogalamuyo. Ikatuluka yatsopano, okonza ake ankamuthokoza pomutchula dzina. Fergus akawerenga zimenezo, ngakhale chakudya chamasana sichinkatsika. Nsanje inamudya koopsa mkuluyu.

"Aise, watulukanso," ankatero akuseka kwa mano okha. "Posachedwa akumangira chipilala."

Tsiku lina Fergus nayenso anatola chake, chachikulu zedi. Anapeza chibowo chimene munthu wakunja akanatha kulowera popanda mawu achinsinsi n'kuona mayina, maadiresi ndi malipiro a anthu onse.

Tsono mwambo wake ndi wakuti cholakwika wamba umachilemba poyera, koma chibowo chotere umanong'oneza okonza okha, n'kudikira atseke kaye. Tevita anamukumbutsa.

"M'bale wanga, apa wagwira ntchito. Koma tumiza mwachinsinsi. Poyera paja akuba amawerenganso, ndipo makasitomala athu onse ali momwemo. Ntchito ikuthera iwe."

"Ndibise kuti ukanene ngati chako? Ndakuonera patali, ochenjera inu."

"Iwe, ine ndichitenji nacho? Akatseka adzalemba dzina lako."

"Adzalemba liti? Imvi zitamera?"

Tevita atangotuluka kukagula khofi, Fergus analemba zonse pa tsamba limene dziko lonse limawerenga. Anafotokoza kalowedwe kake mosasiya kanthu. Kuti asamukayikire, anaikapo chithunzi cha pakompyuta yake, adiresi ya pa intaneti ya ofesi yawo ikuoneka bwinobwino. Pansi anasaina dzina lake lonse, mtima uli mbee.

Koma linali Lachisanu. Okonza pulogalamuyo ndi anthu ongodzipereka, ndipo wamkulu wawo anali atapita kukawedza ndi ana ake, foni atazimitsa. Akuba okha ndi amene sanapite kutchuthi. Pofika Lolemba mafoni a paofesi anali kulira osalekeza, amisiri akufunsa kuti zinsinsi zawo zafika bwanji m'manja mwa anthu osawadziwa.

Mwini ofesi, mayi Papadakis, anamuitana Fergus.

"Mayi, ine ndimafuna kuthandiza," anatero Fergus.

"Kodi Tevita sanakuuzeni?"

Asanayankhe, mayiwo anapitiriza.

"A Fergus, sitinavutike n'kufufuza komwe, munasaina nokha. Siyani makiyi patebulopo."

Mpaka lero akafunsira ntchito, olemba ntchito akasaka dzina lake pa intaneti, choyamba kutuluka ndi tsamba lija.

Phunziro: Nsanje imakuthamangitsa mpaka kukagwetsa nyumba imene ukugonamo. Mnzako akamatamandidwa, malangizo ake sasanduka msampha. Ukapeza chibowo, uza kaye otseka. Tumizirani ena, makamaka uja amene amadwala mutu mnzake akayamikiridwa.