Njoka ya pa Ambulansi

Akuwakweza mu ambulansi ku Kasinje, bambo Goliati analoza njoka yojambulidwa pachitseko, yodzikulunga pandodo.

"Sibongile mwanangu, imeneyotu ndi wodwala mnzanga," anatero akupuma mobanika. "Dokotala wa mafupa anaibweza, ati ilibe miyendo. Wa makutu anafunafuna khutu mpaka anaweruka."

Sibongile anaseka, misozi ikulengeza m'maso. "Nanga wa mano, ababa?"

"Wa manoyo ndikuuza tikafika."

Sibongile anawagwira dzanja lawo lokhakhala, lomwe linaswa miyala m'migodi ya ku Joni. Msewu unali wa mabampu okhaokha, koma iwo sanabuule n'kamodzi komwe.

Atatsala pang'ono kufika pa boma, namwino anawakhudza bambowo pakhosi. Kenaka anagogoda galasi la dalaivala.

"Achimwene, zimitsani sayirini. Yendani pang'onopang'ono."