Makina Olonjera Apongozi

Khomo lililonse m'mudzi mwa Kachule linali ndi makina oganiza opachika pakhonde, ndipo wowaphunzitsa nzeru za pakhomo anali mayi wa nyumba. Makinawo paokha sankadziwa kanthu, koma ukawapatsa lamulo ankalitsatira mpaka kumapeto.

A Nankhoma anatopa nawo. Apongozi awo, a Kanyemba, akangoti khosu, makina ankaitana njinga ya chipatala, woyendetsa n'kubwerera akung'ung'udza. Tsiku lina anawakalipira makinawo. "Uziyamba wawafunsa! Munthu akati ali bwino, ndiye kuti ali bwino. Wamva?"

Chimene anaiwala n'chakuti makinawo ankalankhula ndi mawu a iwo omwe, a Nankhoma. Nanga bambo wamkulu angadandaule za m'thupi kwa mkazi wa mwana wake? Tsiku limene onse anali kudimba, a Kanyemba anagwa m'bafa. Makina anafunsa mobwerezabwereza, ndipo mkuluyo, ali thapsa pansi wosavala, ankayankha mwaulemu kuti, "Ndili bwino, mayi, musavutike."

Maliro atatha, amuna awo sanawaimbe mlandu. Anangoti, "Amake Tiyamike, musadzizunze, ndi makina awa." Mawu amenewa ndiwo anawapweteka koposa.

M'mawa mwake akusesa pabwalo, anamva makina, ndi mawu a iwo omwe aja, akulonjera kuchipinda chotseka cha malemu apongozi awo. Patapita kanthawi makina anati, "Amayi, bambo sananene kuti ali bwino lero. Ndiitane njinga?"

A Nankhoma anayedzamitsa tsache kukhoma.

"Itana," anatero.