Muyezo wa Phazi la Tiyamike

Nsapato zinakana kulowa.

Benvindo anali chogwada pabwalo la apongozi ake ku Ngauma, akukankha kaphazi ka mwana wake Tiyamike. Anazigula ku Cuamba poyeza ndi kabango kamene anadula kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, tsiku lomwe mkazi wake Florência anatengedwa ndi abale ake kubwerera kwawo. Kabangoko kanali kadali pa muyezo womwewo. Mwana ndiye anali atakula.

"Amayi, atiyu awa akundipweteka!" analira Tiyamike, nabisala m'chitenje cha Florência.

Atiyu, mawu a Chipwitikizi oitanira amalume, ngati mlendo aliyense wodutsa pamsewu.

"Mwaonatu, alamu," anatero a Vicente, malume a mwanayo, osasiya kusoka fodya. "Ngakhale phazi lake simulidziwa. Mwana ndi wa mbumba yathu, inu munangobereka. Florência, lowa naye m'nyumba."

Benvindo anati, "Ndinali kuntchito yokonza njanji, alamu. Sindinamutaye."

Chitseko chinatsekedwa.

Pafumbi panatsala chidindo cha kaphazi, tizala tonse tikuoneka bwinobwino. Benvindo anasolola kaudzu pampanda, nayeza kuyambira kuchidendene mpaka kuchala chachikulu. Asanathyole, anawonjezera pang'ono, ka chaka chamawa.