Dzina la a Kuzma ndi Nthunzi ya Ketulo

Panali munthu wina dzina lake Yefim, wa m'katawuni kathu ka kuno ku Siberia. Izi zinachitika zaka zija ndalama zathu zinkasanduka zinyalala kachiwiri, ndipo amene anandiuza ankakhala nyumba yoyandikana ndi mayi ake. Yefim ankatolera ndalama zamapepala za nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, n'kumaziika m'buku lalikulu. Makani ake anali osachita kufunsa. Ukamuuza kuti kunja kukugwa chipale chofewa, ankatuluka kukachigwira kaye.

Pa nkhondo ija, asilikali ofiira akalanda tawuni ankabwera ndi ndalama zawo. Adani awo, asilikali oyera, akawapitikitsa ankabweranso ndi zawo, zadzulo zija n'kusanduka zoyatsira moto. Anthu a kwathu anatopa nazo. Anagwirizana kuti azilandira ndalama yokhayo imene ili ndi chidindo cha tawuni yathu, komanso yosainidwa ndi msungichuma wawo, a Kuzma. Oyera atabweranso anawombera a Kuzma, n'kulamula kuti aliyense atenthe ndalama zachidindozo. Mkazi wawo, amene anali ndi pakati, anakana. Anamata imodzi ndi phala la ufa kunsi kwa chivundikiro cha bokosi la zovala, n'kuiphimba ndi nsalu.

Mwana amene anali m'mimbayo ndiye mayi a Yefim, a Glafira. Bambo awo sanawaonepo, ndipo chithunzi chawo panalibe. Chimene anali nacho ndi dzina lokhalo, lolembedwa ndi dzanja la bambo awo papepala lija.

Loweruka lina, kumene otolera ndalama zakale ankakumana, anzake anamuseka Yefim.

"Buku lonseli, za ku Omsk, za ku Chita, koma yakwanu mulibe? Mdzukulu wa a Kuzma weniweni ndinu, kapena anakutolani pa siteshoni?"

Yefim anapsa mtima mpaka makutu kufiira. Anapita kwa mayi ake.

"Amayi, ndipatseni pepala lija ndiliike m'buku. M'bokosimu likungodyedwa ndi njenjete."

"Njenjete zalilekerera zaka zonsezi, ziyambe lero chifukwa iwe walifuna? Anthu a ku Moscow anabwera ndi chikwama cha ndalama kudzaligula, ndinawabweza pakhomo. Iwenso bwerera."

"Koma ndine mwana wanu!"

"N'chifukwa chake ndikukupatsa tiyi. Aja sindinawapatse."

Mnzake wina wachikulire, a Rodion, atamva zimene Yefim ankalinga, anamukokera pambali.

"Achimwene, lisiyeni. Ngati n'kuonetsa anthu, apempheni mayiwo tibwere tidzaonere m'bokosi momwemo. Inki ya zidindo za nthawi ija inali yamankhwala wamba, siigwirizana ndi madzi. Ngakhale nthunzi musayandikize."

"Ine ndamatula masitampa pamaenvulopu kuyambira ndili mwana. Mundiphunzitsa inu?"

"Sitampa ndi ina, ichi n'china."

"Mwachita nsanje basi. Mudzaliona m'buku langa Loweruka."

Lamlungu a Glafira atapita kutchalitchi, Yefim analowa m'nyumba ndi kiyi wake. Anawiritsa ketulo, n'kutsegula bokosi, n'kuyamba kulozetsa nthunzi papepala lija. Phala linafewa. Ngodya imodzi inatukuka, iye n'kumwetulira. Anawonjezera nthunzi kuti zifulumire. Kenako anaona kadontho kofiirira kakutsetsereka pachivundikiro. Chidindo chinali kusungunuka. Mwamantha anachipukuta ndi mpango, ndipo mpangowo unanyamula dzina lonse la agogo ake. M'manja mwake munatsala pepala lonyowa, lofanana ndi aja amagulitsidwa mulu pamsika wa zakale.

Anagwira njakata. Akanali chiimire pamene chitseko chinatseguka.

A Glafira anayang'ana ketulo, anayang'ana bokosi, kenako mpango. Sanakuwe. Anakhala pansi pang'onopang'ono, nsalu yakumutu osavula. Mtima unawapweteka koopsa, ndipo Yefim anaona yekha kuti wawapha kachiwiri bambo a mayi ake.

"Amayi, ndimafuna kuti..."

"Khala chete. Oyera anabwera ndi mfuti, analilephera. Ofiira anasecha nyumba ino, analilephera. Chaka cha njala mayi anga anagulitsa nsapato zawo, koma ili ayi. Iwe walitha ndi ketulo yanga yomwe."

"Ndikugulirani lina. Ndifunafuna paliponse."

"Ukagula kuti bambo anga? Bweretsa kuno."

A Glafira anamulanda pepala lija n'kuliyanika pawindo. Litauma anatenga cholembera. Analemba zilembo zikuluzikulu pamalo pomwe panali dzina paja: Kuzma. Anakanda phala la ufa, analimatanso pachivundikiro, n'kukhoma bokosi.

"Amene anawawombera ankati dzinali lithe. Silinathe. Iwenso sulitha. Siya kiyi wa nyumba yanga patebulopo, uzipita."

Loweruka Yefim sanaoneke kwa anzake, ngakhale Loweruka linalo. Mayi ake pomwalira, bokosi analisiyira mdzukulu wawo wamkazi. Tsamba limene Yefim anakonzera pepala lija m'buku lake likadali lopanda kanthu mpaka lero.

Phunziro: Safunsa anadya phula, koma womva n'kukana amadyetsa phulalo ndi abale ake omwe. Chimene makolo ako anachiteteza kwa adani, usachiwononge ndi manja ako pofuna kutseka pakamwa anzako. Akakuuza kuti "usakhudze", bweza dzanja. Tumizirani nkhaniyi achibale anu, makamaka uja wamakani amene mwamuganizira mukuwerenga.