Galimoto Yolavula Oliyo

Kachitsulo koyezera oliyo kanatumphukanso, kachitatu m'mawa umodzi womwewo, ndipo oliyo wakuda anamuwazikira Policarpo kumaso ndi pamalaya. Anazimitsa injini. Anatukwana galimotoyo, anatukwana Mpwitikizi wa ku Beira amene anamugulitsa, anatukwananso zaka zisanu ndi zinayi zimene anathera padoko akusenza matumba kuti aigule.

Inali galimoto ya dizilo, nkhalamba yeniyeni, koma ndiyo inkatuta mbatatesi za anthu a ku Domwe kupita nazo ku Kalomwe. Ndiyo inkamudyetsa. Ndiyonso inkachititsa kuti pamudzi pa akazi ake, iye mkamwini, azipatsidwa mpando anzake akukhala pansi.

Matendawa anayamba mu Juni, anthu atangoyamba kukumba mbatatesi. Oliyo ankachucha paliponse pamene zitsulo ziwiri zakumana. Policarpo anadula chikatoni cholimba n'kutsekera pamene pankachucha kwambiri, chinangotha masiku awiri. Anamanga kachitsulo kaja ndi waya, oliyo n'kukatulukira kumbuyo kwa injini. Akatsegula chivindikiro cha pamwamba injini ikulira, utsi unkatuluka mwaukali, phu! phu! phu! mpaka chivindikirocho kumupulumuka m'manja.

Za injini ankazidziwa ndithu, ndipo sankafuna kuti wina aiwale zimenezo. Injini ikakalamba, mpweya wina umazembera m'mbali mwa mapisitoni n'kutsikira pansi pamene pamakhala oliyo. Kunsi kuli kapaipi koloza pansi kotulutsira mpweyawo. Ukachuluka, kapena ukasowa potulukira, umakankha oliyo kuti atulukire pena paliponse. Policarpo anakasuzumira kapaipiko ali chiimire. Kanali kouma, kopanda dontho, kopanda utsi, chonsecho chaka chatha kankadontha tsiku ndi tsiku.

"Bola iwe wachira wekha," anatero.

Ndiye kuti vuto linali mkati. Mphete za mapisitoni, zimene amakaniko amati masegimento, zinali zitatha. Zatsopano zinali ku Tete, ndipo msewu wa ku Tete chaka chimenecho unali wa asilikali: munthu ankadikira mdipiti wa magalimoto awo kuti adutse, akafika n'kuuzidwa kuti katunduyo aitanitsa ku Beira. Mbatatesi zikanaola zili m'matumba. Eni ake anali atayamba kale kulonjerana ndi eni ngolo.

Mkazi wake Rufina anafika ndi tsache. Bwalo la Rufina linkadziwika mudzi wonse, munthu ukanatha kuyanikapo ufa popanda mphasa.

"Abambo a Alzira, galimotoyi ine ndimati ndikuuzeni..."

"Mundiuze chiyani? Injini si tsache iyi! Kasesereni uko."

Rufina anakasesera uko.

Mtima utamuwawa mokwanira, Policarpo anaganiza zoipa. Anatsuka injini yonse ndi palafini, anaipukuta mpaka kuwala, anathira mchenga pamadontho a pansi. Kenako anatumiza mawu otsatsa galimotoyo kwa Augusto, mlimi wa ng'ombe zambiri amene kale ankayendetsa thirakitala ku Fonte Boa, ndipo ankaisirira galimotoyo poyera.

Augusto anabwera masana. Anaizungulira kawiri, manja ali kumbuyo. Anapempha kuti ailize. Anamvetsera mutu atapendeketsa, anagwira chivindikiro cha pamwamba, chikunjenjemera pansi pa chikhatho chake. Policarpo ankayang'ana waya uja, akupemphera chamumtima kuti asaduke mlendo asanachoke.

"Nanga kapaipi kopumira kaja kali bwanji, achimwene?" anafunsa Augusto.

"Kouma gwa! Simupezapo ngakhale dontho."

"Ngakhale utsi?"

"Utsi uchokere kuti? Motolo uwu ndi wamoyo."

Augusto anagwada kuti amange chingwe cha nsapato, ndipo chingwecho chinamutengera nthawi. Atadzuka anasasa fumbi m'mawondo.

"Ng'ombe ziwiri zokoka, ndi ngolo yake yomwe," anatero.

Policarpo ankayembekezera ng'ombe imodzi, mwinanso yokalamba. Anagwira dzanja la Augusto msangamsanga, kuopa kuti angasinthe maganizo. Anaitana amuna awiri apamudzi kuti achitire umboni, ndipo Augusto naye anaumirira kuti zinenedwe momveka: chagulidwa chagulidwa, palibe kubweza. Policarpo anatsala pang'ono kuseka. Manyazi anali nawo, inde, pakuti Augusto sanamulakwirepo kanthu. Koma manyaziwo anachepa ataona ng'ombezo zikulowa pabwalo, zonenepa, zakuda, za nyanga zofanana.

Galimoto inatuluka pang'onopang'ono. Isanafike n'komwe pamtengo wa bulugamu wa kumapeto kwa mudzi, inaima. Policarpo anaona Augusto akutsika, akugona chagada n'kulowa kunsi.

"Yayambapo," anatero Policarpo, akupukusa mutu. "Ayimva."

Posakhalitsa Augusto anatuluka, anaponya kanthu kakuda paudzu, anakwera n'kumapita.

Rufina anaima pambali pa mwamuna wake, tsache lili m'manja, akuyang'ana ndowe imene ng'ombe inali itangogwetsa pakati pa bwalo lake.

"Kodi mwawauza za chitsononkho chija?"

"Chitsononkho chanji?"

"Chimene ndinakhomera m'kapaipi ka kunsi kaja, sabata yoyamba kukumba mbatatesi. Kankandidetsera bwalo. Ndinachikhoma ndi mwala mpaka chinalowa chonse, sikanadonthenso. Malo ena aja ndiwo anandikanika kutseka."

Policarpo anatembenukira kumsewu. Kutsidya, galimoto inali kukwera chitunda cholowera ku Kalomwe, osatsokomola n'kamodzi komwe.