Supuni Imodzi ya Akufa

Panali munthu wina mumzinda wa Brăila, dzina lake Viorel, amene ankaimba m'tchalitchi ndiponso kumanda pa mapemphero okumbukira omwalira. Nkhaniyi anandiuza ndi mayi wina woyandikana nawo nyumba, ndipo si mayi wabodza.

Viorel anali wonenepa zedi, moti zingwe za nsapato ankachita kumumangira mkazi wake Paraschiva. Mwiniwake analibe nazo ntchito. Ankati mawu abwino amafuna ng'oma yaikulu. Koma tsoka linagwera mwana wawo mmodzi yekhayo, Ilinca, yemwe anali atangoyamba kumene uphunzitsi. Impso zake zinasiya kugwira ntchito, ndipo anayamba moyo wodalira makina otsuka magazi. Makolo onse awiri atayezedwa, magazi a mayi sanagwirizane ndi ake, a bambo anagwirizana.

"Impso yanu ikhoza kumupulumutsa," anatero adokotala, "koma ndi thupi ili sitingayerekeze. Shuga nayenso wafika pakhomo. Akangolowa, nkhani yathera pomwepo."

Viorel anavomera opaleshoni yochepetsa chifu. Tsiku lotuluka m'chipatala adokotala anamulangiza mosapsatira.

"Bambo Viorel, chifu tachepetsa, koma pakamwa sitinasoke ayi. Muzidya pa nthawi yake, mutakhala pansi, muziyamba ndi nyama kapena mazira. Zofewa ndi zotsekemera zimangodutsa ngati madzi, simumva n'kukhuta komwe. Ndipo muzibwera tizikuyezani."

Thupi linatsika mochititsa chidwi. Anthu ankamudutsa mumsewu osamuzindikira. Adokotala anati adikire kaye thupilo likhazikike, kenako apereka tsiku la opaleshoni ya impso.

Ndiye mukudziwa mmene timachitira Loweruka kumanda. Banja lililonse limabwera ndi koliva, tirigu wophika uja wa shuga ndi mtedza, ndi kabotolo ka vinyo. Wopatsidwa sakana, poti amadyera mzimu wa malemu. Poyamba Viorel ankayesetsa, mpaka tsiku limene anakumana ndi gogo Floarea, mkazi wamasiye wa malemu Tudorel.

"Iwe Viorel, wamuimbira bwinobwino mwamuna wanga, ndiye ukane koliva wake? Anakulakwira chiyani Tudorel?"

"Gogo, adokotala anandiletsa."

"Adokotala akowo anamudziwa Tudorel? Tatsegula pakamwa apa. Waonda ngati kandulo, ukutichititsa manyazi."

Anatsegula. Supuni imodzi yokha, ndipo inatsika myaa, osapweteka. Apa m'pamene panagona vuto. Nyama ikachuluka chifu chinkamuuza kuti basi, koma koliva chinkangomulandira chete. Pa manda otsatira sakanakananso, poti anthu anali ataona. Otsatirawo chimodzimodzi, n'kakapu ka vinyo kotsitsira. Ena ankamukulungira wopita naye, iye n'kumatapa pang'onopang'ono m'galimoto.

Miyezi inapita. Tsiku lina Paraschiva anamuyang'ana akuvala.

"Bambo a Ilinca, lambayo mwamubwezeranso pa bowo lakale."

"Aaa, mayi, musandiyambe. Pakhomo pano mukuona nokha, ndimadya ngati mbalame."

"Nanga kumanda?"

"Supuni imodzi yokha."

"Manda ndi angati kumeneko?"

Viorel anakwiya n'kutuluka. Kunena zoona, si kuti anali munthu woipa ayi. Mwana wake ankamukonda, ndipo masiku onse opita ku makina ankamuperekeza ndi iyeyo. Kungoti anali atatopa. Kutopa ndi kukana, kutopa ndi kufotokozera agogo za chifu chake, kutopa ndi kuona mwana akutuluka m'chipinda chija ali wefuwefu. Akatopa choncho, kotsekemera kaja n'kamene kankamutonthoza.

Sikelo anaikankhira pansi pa bedi. Tsiku lokayezedwa litafika anati kutchalitchi kuli maliro. Lotsatira anati galimoto yavuta. Manyazi, abale! Ankaopa maso a adokotala kuposa matenda enieniwo. Ilinca akamufunsa, ankayankha kuti zonse zili bwino, angodikira tsiku.

Kenako achipatala anaimba foni kuti nthawi yakwana, abwere adzamuyeze komaliza. Viorel anachita mantha. Sabata yonseyo anangomwa madzi ndi msuzi, ngati kuti magazi angapusitsidwe.

Adokotala anayang'ana zotsatira kwa nthawi, kenako anavula magalasi.

"Munasowa kuti, bambo Viorel?"

"Ntchito, adokotala."

"Shuga walowa. Mukanabwera pamene thupi linkayamba kubwerera tikanathandizana, zimachitikira ambiri. Pano impso zanuzo mukuzifuna nokha, zonse ziwiri."

"Ndiondanso! Ndipatseni miyezi iwiri, ndikulumbira!"

"Kuonda muonde ndithu, chifukwa cha moyo wanu. Koma impso ya munthu wa shuga sitingamuike mwana wanu."

Atafika kunyumba anapeza Ilinca ali pabalaza, chikwama chopita nacho kuchipatala atalongedza kale. Anali atauzanso ana a m'kalasi mwake kuti abwerera posachedwa.

"Ababa, ndiye akuti liti?"

Viorel, munthu woimba pamaso pa khamu, tsiku limenelo anangogwira chitseko n'kumalira. Ilinca anawayang'ana bambo akewo kuyambira kumaso mpaka pamimba, ndipo anamvetsa. Sanakalipe. Anatsegula chikwama chija n'kuyamba kubwezera zovala m'kabati.

"Ndiye mawa mundidzutse m'mamawa," anatero, "tisachedwe ku makina."

Mpaka lero Ilinca akudikirabe impso ya munthu wosamudziwa.

Phunziro: Opaleshoni imachepetsa chifu, koma chizolowezi imachisiya momwemo. Kudya motapatapa kumabweza thupi mwakachetechete, ndipo chakomachakoma pusi anagwa chagada. Mukaona sikelo ikukwera musathawe adokotala, pitani msanga, si mlandu. Nanunso achibale, munthu akati "ndakhuta" kapena "anandiletsa", musamukakamize m'dzina la ulemu, simukudziwa chimene akusungira thupi lakelo. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka aja okonda kunena kuti "kamodzi kokha sikapha".